Philip Howard ndi udindo umene unachokera kuchikazi

Philip Howard anabadwa pa 28 June 1557 m'banja lomwe linkatsatira ufumu wa England pa ulemerero. Bambo ake, Thomas Howard, anali Duke wachinayi wa Norfolk (Duke ndi udindo wapamwamba kwambiri pakati pa anthu olemekezeka a ku England), ndipo amene anamuimirira pa ubatizo anali Mfumu Philip II ya Spain, mwini dzinalo. Koma banjali linali lozolowera nkhwangwa. Agogo ake, Henry Howard, Earl wa Surrey (Earl ndi udindo wotsikirapo kwa Duke), anadulidwa mutu mu 1547. Bambo ake nawonso anadulidwa mutu mu June 1572, atapezeka m'chiwembu chofuna kukwatira Mary, Mfumukazi ya ku Scotland, ndi kuchotsa Elizabeth I, Mfumukazi ya ku England, pampando.

Lamulo la nthawi imeneyo silinkathera pa wolakwa yekha. Woukira ufumu ankalandidwa udindo ndi malo, ana ake n'kutsala manja lende. Choncho Philip, mwana woyamba, sanalowe m'malo mwa bambo ake.

Chimene chinamudzutsa ndi magazi a mayi amene sanawadziwe n'komwe. Mary FitzAlan anamwalira patangopita milungu yochepa chibadwire Philip, akadali mtsikana. Anali mwana wa Henry FitzAlan, Earl wa Arundel, yemwe mwana wake wamwamuna anafa iye ali moyo. Nkhalambayo itamwalira mu 1580, udindo wa Arundel ndi linga lake la ku Sussex zinagwera mdzukulu wa kuchikazi. Dziko lolondola kuchimuna linapulumutsa banja la Howard kudzera mwa mkazi.

Pa unyamata Philip anali wa m'gulu lomwaza chuma pofuna kusangalatsa Mfumukazi Elizabeth, ndipo mkazi wake, Anne Dacre, ankangomusiya kumudzi. Zinasintha atamvera wansembe Edmund Campion akutsutsana ndi abusa a Chipulotesitanti mu 1581. Mu 1584 analowa Chikatolika, mpingo umene unali woletsedwa. Chaka chotsatira anayesa kuthawa pa sitima yapamadzi, koma anamugwira panyanja n'kumutsekera m'ndende ya Tower of London. Anamulipiritsa mapaundi 10,000. Mu 1589 anamuweruza kuti aphedwe pomuneneza kuti ankapempherera zombo za Spain zomwe zinabwera kudzathira nkhondo England mu 1588. Udindo wa Arundel unalandidwanso.

Elizabeth sanasainire chikalata chomuphera, ndipo apa m'pamene mtima wanga umawawira. Munthu anakhala zaka zisanu ndi chimodzi osadziwa ngati kukacha nkhwangwa imupeza. Mwana wake Thomas anabadwa iye ali kale m'ndende. Atadwala kwambiri anapempha kuti aone mkazi wake ndi mwanayo, koma yankho linali lakuti ayambe wapita ku tchalitchi cha boma. Anakana. Anamwalira pa 19 October 1595 asanamuone mwanayo.

Anne ndiye analera Thomas m'mavutowo. Mfumu James I inabwezera mnyamatayo udindo wa Arundel mu 1604, pamene wa Duke wa Norfolk unabwerera m'banjamo mu 1660, kwa mdzukulu wa Thomas. Papa Paul VI analengeza Philip kukhala woyera mu 1970, ndipo mafupa ake ali m'tchalitchi chachikulu cha Akatolika ku Arundel. Mbumba yake ikukhalabe m'linga lija, ikudziwika ndi mayina onse awiri, Fitzalan-Howard. Duke wa lero ndiye anayendetsa mwambo wa maliro a Elizabeth II mu 2022 ndi wovekera Charles III chisoti mu 2023.