Mwala wa ku Auschwitz komanso bodza la manambala

Pa intaneti pamayenda nkhani yoti chiwerengero cha Ayuda 6 miliyoni omwe a chipani cha Nazi cha ku Germany anapha n'chopeka, ati poti ku Auschwitz, msasa wa a Nazi wopherako anthu ku Poland, anachotsa mwala wonena kuti kunafa anthu 4 miliyoni n'kuikapo wa 1.5 miliyoni. Kusinthako n'koona, wakalewo anauchotsa mu 1990. Koma 4 miliyoniyo inachokera kwa akuluakulu a Soviet Union mu 1945, ndipo akatswiri a mbiri yakale sanaidalire powerengera ophedwa onse. Iwo anafufuza m'kalembera wa anthu ndi m'zikalata za Ajeremani eniake.

Ambiri mwa Ayuda ophedwawo sanafike n'komwe ku Auschwitz. M'chigwa cha Babi Yar ku Kyiv, m'dziko la Ukraine, Ayuda 33,771 anawomberedwa m'masiku awiri okha mu Seputembala 1941. Nambalayi anailemba ndi akuphawo, mu lipoti lawo lomwe.