Kungodina malonda a pa foni sikutha ndalama zanu

Pali nkhani ikuyenda kuno ku Mulanje, kuyambira pamsika wa Limbuli mpaka pa Chitakale, yoti ukangodina timalonda timene timatulukira m'mbali pa Facebook kapena pa mawebusayiti basi ndalama zako za ku Airtel Money kapena Mpamba zapita. Abale, zimenezi sizoona. Ndalama sizituluka mu akaunti popanda PIN yanu, ndipo chithunzi sichingalembe PIN chokha. Amene amalipira ndi mwini malondayo, amalipira Facebook kapena Google anthu akaona kapena kudina, inuyo chomwe chimatha ndi bandulo basi.

Koma mantha a anthu ndikuwamvetsa ndithu chifukwa akuba nawonso amagula malo omwewo. Mumadina pomwe alemba kuti mwawina foni, kenako tsamba lina latseguka likuti lembani nambala ndi PIN tikutumizireni mphoto, kapena dawunilodani apu iyi yomwe siili pa Play Store, apa mpamene mayi wothyola tiyi amaluza malipiro onse omwe wawavutikira mmame kuyambira mbandakucha, zimandiwawa kwambiri. PIN yanu musailembe pa tsamba lomwe malonda akufikitsani, olo likhale ndi chizindikiro cha kampani yanu ya foni.