Kusintha Glock ya .40 kuti idziwombera zipolopolo za 9mm

Ku America amisiri okonza mfuti amalandira funso ili pafupipafupi: munthu ali ndi mfuti yam'manja ya Glock 23 yowombera zipolopolo za .40 S&W, ndipo akufuna aisinthe kuti idziwombera za 9mm, n'kumayenda nayo m'chiuno tsiku ndi tsiku. Kusinthako n'kotheka. Koma mfuti yophunzirira kuwombera ndi mfuti yotetezera moyo sitiziyesa ndi muyeso umodzi.

Funsoli lili ndi mbiri yake. Pa 11 Epulo 1986, apolisi a FBI, nthambi ya boma la America yofufuza milandu, adawomberana ndi achifwamba awiri mumzinda wa Miami, ndipo apolisi awiri adafera pomwepo. Zitatero, akuluakulu adaona ngati zipolopolo za 9mm za nthawi imeneyo zinali zosakwanira mphamvu. Mu 1990 makampani a Smith & Wesson ndi Winchester adatulutsa chipolopolo cha .40 S&W, ndipo nthambi zambiri za polisi zidakhamukira kumeneko. Patapita zaka, kapangidwe ka zipolopolo za 9mm kadapita patsogolo, mpaka mu 2016 FBI idagwirizana ndi kampani ya Glock kuti iwapangire mfuti za 9mm. Mfuti za .40 zimene apolisi adazisiya zidadzaza m'masitolo pamtengo wotsika. Amene adazigula adapeza kuti zipolopolo zake n'zodula kuposa za 9mm, komanso mfutiyo imakankha kwambiri m'manja ikalira.

Apa ndiye pamabwera mpope wosinthira, chitsulo chabowo chimene chipolopolo chimadutsamo potuluka. Kunja kwake ndi wonenepa mofanana ndi mpope wa .40 kuti ukhale bwino m'slide, chitsulo chapamwamba chija chimene chimabwerera m'mbuyo mfuti ikawomba, koma bowo lake lam'kati ndi la 9mm. Mumafunikanso magazini (kachikwama kolowamo zipolopolo) ya 9mm. Ya Glock 19, mfuti ya 9mm yofanana msinkhu ndi Glock 23, imalowa zipolopolo 15, pamene ya Glock 23 imalowa 13. Njira yobwerera palibe: Glock 19 siingalandire mpope wa .40, chifukwa slide yake idapangidwira chipolopolo chaching'ono.

Vuto lenileni lili kumbuyo kwa mpope, malo amene ambiri sayang'anako. Pa slide, pamene pamatsamira tsinde la chipolopolo padasemedwa molingana ndi .40, imene tsinde lake ndi lalikulu pafupifupi mamilimita 10.8, pamene la 9mm silikwana bwino mamilimita 10. Kusiyana kwake n'kochepera milimita imodzi, koma kambedza kamene kamakoka chigoba cha chipolopolo chowombedwa kadaikidwa kuti kagwire tsinde lalikulu. Pa 9mm kamangogwira cham'mphepete. Nthawi zambiri kamakokabe, chigoba n'kuulukira kunja. Nthawi zina kamaphonya, kapena chigoba chimatuluka mofooka n'kupanikizika pakamwa pa slide chitaimirira, mfuti n'kuti zii. Pabwalo lophunzirira, zimenezi zimangokutayitsani masekondi angapo. Mutakumana ndi chigawenga usiku, masekondi amenewo mulibe.

Ndi chifukwa chake ine sindilimbikitsa kuyenda ndi mfuti imene yangosinthidwa mpope wokha kuchoka ku .40 kupita ku 9mm. Ngati mtima uli pa 9mm, gulani mfuti imene idabadwa ya 9mm, kapena pitani kwa mmisiri wovomerezeka asinthe chapamwamba chonse pamodzi ndi tizigawo totulutsa chigoba. Mukatero muiyese ndi zipolopolo mazana angapo, kuphatikizapo mtundu weniweni umene muziyenda nawo, chifukwa zipolopolo za mphako kutsogolo sizikwera mumpope ngati zoburungira zophunzirira. Muonenso pamene chipolopolo chikugwera, poti mpope watsopano ungasunthe malo amene mfuti imalasa.

Kuchoka ku .40 kupita ku .357 SIG ndi nkhani yopepukirapo. Chipolopolo chimenechi, cha mu 1994, tsinde lake n'lofanana ndi la .40, motero kambedza kaja kamagwira bwinobwino. Palinso mfuti ngati SIG P320 zimene zidapangidwa dala kuti mwini azisintha slide, mpope ndi magazini.

Chinanso chimene chimandidetsa nkhawa ndi chilembo. Mukasintha mpope, pa slide pamalembedwabe kuti .40. M'nyumba mukakhala mipope iwiri ndi mabokosi awiri a zipolopolo, tsiku lina wina adzasokoneza. Cha .40 sichilowa mumpope wa 9mm, koma cha 9mm chimalowa mumpope wa .40 ndipo chingathe kuwomba, chigoba chake n'kufufuma kapena kung'ambika. Werengani zolembedwa pampope penipenipo musanaike magazini, ndipo magazini a mitundu iwiriyi muwaike zizindikiro zosiyana.

Za malamulo, musatengere zimene mumaona m'mavidiyo a ku America. Kumeneko lamulo la boma lalikulu limatenga thupi la mfuti lokhala ndi nambala kukhala mfuti yeniyeni, ndipo mpope umagulidwa ngati chipangizo wamba. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito, lamulo la mfuti la Firearms Control Act la 2000 limawerengera mpope pawokha ngati mfuti, ndipo munthu wopanda chiphaso cha umisiri wa mfuti saloledwa kusintha kukula kwa chipolopolo chimene mfuti imawombera. Kuitanitsa mpope pa intaneti popanda chilolezo kumeneko ndi mlandu, ngakhale mfutiyo ili ndi laisensi m'dzina lanu.