Masiketi a amuna, chifu cha nkhosa ndi bungwe lomwe linayamba ngati la maliro

Ku Nova Scotia kuno, kum'mawa kwa Canada, kuli timabungwe ta anthu omwe makolo awo anachokera ku Scotland, ndipo ukangoyang'ana kalendala yawo ya chaka umaganiza kuti miyambo yonseyi ndi yamakedzana zedi, ya nthawi ya agogo a agogo. Ine ndimaganizanso choncho mpaka neba wanga, bambo wachikulire yemwe saphonya miting'i, atandikoka kuti tipite ku holo yawo. Zoona zake zambiri mwa izi anazikonza ndi anthu osowa kwawo, ena oti ku Scotland komweko sanapondeko n'komwe.

Chaka chawo chimatsekulidwa pa 25 January, usiku wa Robert Burns, mlakatuli wotchuka wa ku Scotland yemwe anabadwa tsiku limeneli mu 1759 n'kumwalira ali ndi zaka 37 zokha mu 1796. Anzake ndi amene anayambitsa mgonerowu mu 1801 m'kanyumba komwe anabadwira ku Alloway, koma iwo anakumana mu July pokumbukira imfa yake. Kenako kalabu ya ku Greenock inati ayi tizikumbukira kubadwa, n'kuchita phwando pa 29 January 1802, tsiku lolakwika kkkk, mpaka anakapeza m'mabuku a tchalitchi kuti munthuyo anabadwa pa 25. Pa usikuwu mfumu yake ndi haggis. Amatenga mtima, chiwindi ndi mapapo a nkhosa, n'kudula tating'onoting'ono, kusakaniza ndi anyezi, mafuta ndi oats, n'kuphikira m'chifu cha nkhosa yomweyo. Kwa ife odya zam'kati sizodabwitsa ayi, chodabwitsa ndi ulemu wake: woyimba chitoliro chokhala ndi thumba la mpweya (bagpipe) amatsogola, wophika akubwera pambuyo atanyamula mbale, aliyense waimirira, kenako bambo wina amalakatulira chifucho ndakatulo yonse ali ndi mpeni m'manja n'kuchibaya pakati pa vesi. Ku America kumene boma linaletsa mapapo a nkhosa m'zakudya kuyambira 1971, ndiye kumeneko amadya yopanda mapapo, ndipo akamakumana ndi a ku Scotland enieni mkangano wake wakuti iyi ndi haggis kapena ayi sumatha.

Koma bwanji anthu ali kutsidya la nyanja yaikulu chonchi n'kumavutikira zimenezi? Dzina loti Nova Scotia lomwelo m'Chilatini likutanthauza Scotland watsopano. Mu September 1773 sitima yotchedwa Hector inakocheza ku Pictou itanyamula anthu pafupifupi 200 ochokera kumapiri a ku Scotland, ena, makamaka ana, atafera m'njira ndi nthomba komanso kamwazi. Analonjezedwa minda yolima kale ndi chakudya, anakapeza nkhalango yokhayokha dzinja lozizira lili pakhomo. Pambuyo pawo panabwera miyandamiyanda, poti eni malo kumapiri kuja anaona kuti nkhosa zikubweretsa ndalama zambiri kuposa anthu obwereka minda, basi n'kuyamba kuwathamangitsa, nyumba zina kuzitentha kumene. Amazitcha Highland Clearances. Ndiye nkhosa yomwe amaiyimbira chitoliro mu January ija ndi yomwenso inachotsa makolo awo pamudzi, izi ine zimandiseketsa koma neba wanga saseka nawo.

April akafika pa 6 amati Tartan Day, tsiku lovala nsalu za mizeremizere zija. Ili ndiye lachinyamata kwambiri, linayambira ku Nova Scotia konkuno mu 1987, a America anadzatengera mu 1998, ndipo anasankha tsikuli chifukwa cha kalata ya ku Arbroath ya 1320 yomwe akuluakulu a ku Scotland analembera Papa kuti dziko lawo si la mfumu ya England. Apa ndi pomwe aliyense amakuuza monyadira kuti nsalu iyi ndi ya mfunda wathu, ya a MacDonald, iyo ya a Campbell, ngati momwe wina anganenere kuti ndine Phiri kapena Banda. Koma nkhani yoti mfunda uliwonse uli ndi nsalu yakeyake si yakale ngati m'mene amaionetsera. A Jacobite, gulu lomwe linaukira mfumu ya Britain ndipo ambiri mwa iwo anali a kumapiri, atagonja pa nkhondo ya ku Culloden pa 16 April 1746, boma la ku London linaletsa amuna a kumapiri kuvala kilt, siketi ya amuna ija, kupatula omwe anali asilikali a mfumu, ndipo lamuloli linakhalapo mpaka 1782. Litachoka, omwe anaithamangira siketiyo anali mabwana a m'tauni. Mu 1815 bungwe la Highland Society of London linapempha mafumu a mifunda kuti atumize zitsanzo za nsalu zawo, ena sankadziwa n'komwe kuti yawo ndi iti, anakafunsa kwa owomba nsalu. Kenako mu 1822 mfumu George IV inapita ku Edinburgh, mlembi wa mabuku Walter Scott n'kukonza chionetsero choti aliyense abwere atavala tartan, mfumuyo nayo inavala kilt, basi fashoni inagwira mpaka lero. Chovala chomwe chinali cha amphawi oweta ng'ombe kumapiri, chomwe anthu a kuchigwa ankachinyoza, chinasanduka cha dziko lonse.

Kukatentha mu July ndi nthawi ya masewera. Ku Antigonish amachita Highland Games kuyambira 1863, bungwe lake linakhazikitsidwa mu 1861. Pali kuponya miyala, kuvina, mabandi a zitoliro, ndi chija aliyense amajambula pafoni, kuponya chimtengo chachitali ngati pholo ya magetsi. Poyamba ndimaona ngati wopambana ndi woponya patali, ayi, chimtengocho chiyenera kugudubuka m'mwamba n'kugwa molunjika kutsogolo kwa woponyayo ngati muvi wa wotchi pa 12 koloko. Mabungwe ambiri amakhalanso ndi mapemphero odalitsa nsalu, Kirkin' o' the Tartan, ndipo mumva wina akunena kuti zinayamba nthawi ya chiletso ija anthu akubisa tizidutswa ta nsalu m'malaya popita ku tchalitchi. Nkhani yokoma, koma mwambowu anauyambitsa ndi m'busa Peter Marshall ku Washington m'zaka za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

Hogmanay, chikondwerero cholowera chaka chatsopano cha pa 31 December, ndiyo ili ndi mizu yeniyeni kwawo, poti mpingo wa Presbyterian, womwewu unabala CCAP yathu, kwa zaka mazana sunkafuna zokondwerera Khrisimasi moti ku Scotland tsikuli linakhala holide mu 1958, chisangalalo chonse chinkathawira ku chaka chatsopano. Mlendo woyamba kulowa m'nyumba 12 koloko ikadutsa amabwera ndi khala la malasha ndi botolo la whisky.

Koma tsiku lomwe limaulula chiyambi cha mabungwewa ndi 30 November, la Andireya woyera, nkhoswe ya Scotland. Bungwe la Scots' Charitable Society ku Boston linayamba mu 1657, nthawi yomwe m'derali munali akaidi a nkhondo za ku Dunbar ndi Worcester omwe Cromwell, mtsogoleri wa asilikali a England, anawatumiza kukagwira ntchito yokakamizidwa, ndipo ntchito yake inali kuthandiza odwala ndi kuika m'manda omwe analibe abale. La St Andrew's ku Charleston linabwera mu 1729, la North British Society ku Halifax mu 1768, onsewa cholinga chinali chomwecho, kusonkha kangachepe kuti mnzako wakumudzi asafe ngati galu kudziko la eni. Aliyense amene anasonkhapo ya maliro ku Joni kapena ku Harare akudziwa zomwe ndikunena. Mgonero ndi mowa zinali zongokopera anthu kuti abwere adzapereke.

Ku holo ya neba wanga uja, zitoliro zitangokhala chete usiku womwe anandikokera kumeneko, mayi wina msungichuma anaimirira ndi kabuku kake n'kuwerenga ndalama zomwe zalowa chaka chonse, zomwe zapita ku fizi ya ana ophunzira kuvina ndi kuyimba, ndi za maluwa a mamembala omwe atisiya. Kenako anatchula mayina a omwe sanamalize chopereka cha chaka, ndipo neba wanga ndi siketi yake yodula ija anali pa nambala 2.