Kuphika mafuta olimba kuti ayende m'mapaipi

M'dera la Athabasca, m'chigawo cha Alberta ku Canada, mafuta amene amakumbidwa pansi ndi phula lolimba ngati chiponde, ndipo kumpoto kwa mtsinje wa Orinoco ku Venezuela kulinso mafuta olemera amene savomera kuyenda okha m'paipi. Chimene chimawalimbitsa kwambiri ndi mamolekyu akuluakulu otchedwa asphaltene, amene amakolanakolana.

Kuwafunditsa kokha sikuthetsa vuto, chifukwa amachita ngati uchi wa m'nyengo yozizira: ukauika padzuwa umayenderera, koma ukazizira umalimbanso. Motero makampani amawasakaniza ndi mafuta opepuka, ndipo ku Canada opepukawo amakhala pafupifupi 30 peresenti ya zonse zoyenda m'paipi. Njirayi imadya ndalama, komanso phulalo silisintha. Paipi itaphulika mu 2010 ku Michigan, m'dziko la America, opepukawo anauluka ndipo phula linamira pansi pa mtsinje wa Kalamazoo.

Kusintha kokhalitsa kumabwera mafutawo akaphikidwa kwa kanthawi kochepa pa madigiri a Celsius pafupifupi 450, njira yotchedwa visbreaking. Kutenthako kumadula mamolekyu, kuyambira pamene kaboni walumikizana ndi salifa, popeza pamenepo ndi pofooka. Koma zidutswa zodukazo zimatsala ndi njala ya haidulojeni, ndipo zikaisowa zimagwirana zokhazokha n'kupanga mamolekyu aakulu kuposa oyamba, mpaka kusanduka makala olimba otchedwa coke amene amatseka mapaipi a m'ng'anjo. Woyendetsa ng'anjo amakhala pakati pa zovuta ziwiri, chifukwa akatenthetsa pang'ono mafuta safewa mokwanira, ndipo akapyoza malire amakolola makala.

Apa ndi pamene chosungunulira, chinthu chamadzimadzi chimene amathira m'mafutawo powaphika, chimagwira ntchito yake, ndipo ntchitoyo si kuchepetsa kulimba kokha ayi. Chimene akatswiri amakonda kuyesera ndi tetralin, amene molekyu yake iliyonse imatha kupereka maatomu 4 a haidulojeni kwa zidutswa zija zisanagwirane, iyo n'kusanduka naphthalene, yemwe uja timaika m'zovala pothamangitsa njenjete. Naphthalene angathe kupatsidwanso haidulojeni n'kubwezedwa m'ng'anjo. Kuwonjezera apo, chosungunulira choyenera chimatalikitsa ma asphaltene kuti asaunjikane, motero mafuta amapirira kutentha kochuluka makala asanayambe.

Kusankha chosungunulira kumafuna kusamala, chifukwa toluene amasunga asphaltene ali wosungunuka, pamene pentane ndi heptane amamugwetsa pansi ngati matsokwe a mowa, ngakhale kuti ena amachita zimenezi dala pofuna kumuchotseratu. Ofufuza ena amayesa madzi opyola madigiri 374 atapanikizidwa kwambiri, amene pamenepo amayamba kusakanikirana ndi mafuta, koma amadya zitsulo za makina.

Ineyo ndimaona kuti funso lalikulu ndi la mtengo wa haidulojeni ndi wobweza chosungunuliracho, osati ngati njirayi imagwira ntchito. Cholinga si kupanga petulo kumgodi, koma kungofika pa muyeso wa eni mapaipi a ku Canada, womwe ndi kulimba kosapyola masentisitoki 350 (muyeso wa kulimba kwa zamadzimadzi) ndi kulemera kosapyola makilogalamu 940 pa kiyubiki mita. Ngakhale muyesowo ukwanire, kuphika kumasiya mamolekyu otchedwa olefin amene amapanga zomata m'matanki, ndipo eni mapaipi amakana mafuta amene olefin wake wapyola pafupifupi 1 peresenti.