Maginito amakoka, koma wosankha ndi puloteni

Magazi otengedwa ku Ulongwe kapena ku Tsangano kuti akayezedwe carga viral (kuchuluka kwa kachilombo m'magazi) amakhala ndi zinthu zosawerengeka, pamene ife a mu labotale timafunamo chimodzi chokha, RNA ya kachilombo ka HIV, kachingwe kosunga malangizo a chibadwa cha kachilomboko. Makina ambiri oyezera amaivuula ndi maginito, monga momwe ana amatolera misomali mumchenga ndi maginito a wailesi yakufa.

Vuto ndi lakuti RNA, maselo ndi mapuloteni sizimva maginito. Choncho timathiramo ufa wa chitsulo, kawirikawiri wa magnetite, mtundu wa mwala womwe ukupezekanso m'nthaka ya chigawo chathu cha Tete. Wa mu labotale amachita kupanga, timibulu take tosaoneka ndi maso. Kuchepako kuli ndi ntchito. Kachitsulo kakachepa kufika pa nanomita 20 kapena kutsikirapo (milimita imodzi ili ndi mananomita miliyoni imodzi), kamakokedwa maginito akayandikira, koma akachotsedwa sikasunga mphamvuyo. Timibulu timabalalikanso m'madzi osaundana, ndipo titha kutsuka, kukoka, kutsukanso mpaka zosafunika zitatha.

Pa carga viral timibulu timakutidwa ndi zinthu zomata RNA. Pofuna selo la mtundu umodzi pakati pa mamiliyoni, pamafunika puloteni. Pa kambulu kalikonse amamangirirapo antibody, puloteni ya chitetezo cha m'thupi yogwira chizindikiro chimodzi chokha cha pa selo, mwachitsanzo CD4. Ena amagwiritsa ntchito streptavidin, puloteni yochokera ku bakiteriya, yomwe ikagwira biotin (vitamini amene amamumangirira pa chinthu chofunidwacho) simasula wamba. Palinso mapuloteni amene akatswiri amawasintha dala powalumikiza kamchira ka ma histidine 6 (histidine ndi mtundu umodzi wa tizidutswa topanga puloteni), kuti akakamire timibulu tokhala ndi nickel. Ine ndimati luso lenileni lili apa. Antibody ikakhala yosasankha bwino, maginito amakoka zinyalala mokhulupirika ndithu, ndipo makina sakuuza. N'chifukwa chake timaumirira za furiji: kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi mu Okutobala sikuwononga chitsulo, kumawononga puloteni.

Njirayi si ya dzulo. John Ugelstad wa ku Norway anapeza kapangidwe ka timibulu tofanana kukula m'zaka za m'ma 1970, ndipo m'menemo munachokera timibulu tomva maginito totchedwa Dynabeads. Cha m'ma 1990 Stefan Miltenyi ku Germany anabweretsa timibulu ta nanomita pafupifupi 50, tochepa kuposa selo lofiira la magazi koposa ka 100.

Malungo ndiye ali ndi zawozawo. Tizilombo take tikamadya hemoglobin, puloteni yonyamula mpweya m'selo lofiira, timasiya timiyala takuda totchedwa hemozoin, tokhala ndi chitsulo chomva maginito pang'ono. Ofufuza amadutsitsa magazi m'kachubu kodzaza timipira ta chitsulo, kali pakati pa maginito amphamvu. Maselo okhala ndi tizilombo tokhwima amatsalira m'kachubumo, athanzi n'kudutsa, popanda kuthiramo kambulu kapena antibody. Maselo amene kachilombo kangolowa kumene amapulumuka, chifukwa hemozoin imakhala isanachuluke.