Hena weniweni amafiiritsa tsitsi, salidetsa

Anthu ambiri amene amafunsa za hena ku saluni amakhala atatopa ndi dayi. Ena dayiyo amawayabwa m'mutu, ena tsitsi layamba kuthothoka m'mbali, ena angomva kuti kuli masamba ochokera ku India amene amabisa imvi popanda mankhwala. Onsewo amafuna kudziwa ngati angathe kudzipaka okha kunyumba. Ine monga wokonza tsitsi ndimati inde, mungathe, ndipo hena ndimamukonda. Koma ambiri mwa ofunsawo amafuna tsitsi lakuda bii, ndipo chimenechi hena sangakupatseni. Amene sanamvetse mfundo imeneyi ndi amene amagula paketi yolakwika n'kudzivulaza.

Hena ndi masamba a kamtengo kotchedwa Lawsonia inermis, kamene kamakonda malo otentha ndi ouma. Amakalima kwambiri ku India, makamaka kudera la Sojat m'chigawo cha Rajasthan, komanso ku Pakistan, Sudan, Egypt, Yemen ndi Morocco. Masambawo amawaumitsa n'kuwapera kukhala ufa wobiriwira, wonunkhira udzu wouma. Kuno kwathu ambiri tinamudziwira m'manja mwa akwatibwi achisilamu ndi a Amwenye, kapena pa ndevu zofiira za madala ena a kumzikiti. Ndevu zimenezo muziziyang'anitsitsa, chifukwa mtundu umene mukuuonawo ndi umene hena amapereka pa imvi.

M'masambamo muli utoto umodzi wokha, dzina lake lawsone, ndipo ndi wofiira mopita ku olenji. Utotowu umagwirana ndi keratin, chinthu chimene tsitsi ndi zikhadabo zinapangidwa nacho, ndipo ukagwira suchoka ndi madzi kapena sopo. Dayi wa m'bokosi amagwira ntchito mwa njira ina. Iye amatsegula kunja kwa tsitsi ndi mankhwala otchedwa ammonia, kenaka mankhwala ena otchedwa peroxide amasukulutsa mtundu wanu wachibadwa kuti mtundu watsopano ukhazikike m'kati. Hena sasukulutsa chilichonse, amangowonjezera kufiira pamwamba pa mtundu umene ulipo kale. Zili ngati kunyika nsalu ziwiri mu utoto wofiira, ina yoyera ina yakuda: yoyera ituluka yofiira, yakuda ituluka yakudabe. Choncho ngati tsitsi lanu ndi lakuda, mukatsuka hena mudzaona ngati palibe chachitika, mpaka mutayima padzuwa, pamene limaonetsa kufiirira kokongola. Imvi ndiye zimasanduka zofiira psuu tsiku loyamba, kenaka zimadera pang'ono m'masiku awiri kapena atatu. Wa imvi zapatalipatali amaoneka bwino kwambiri, chifukwa timizere tofiirato timasakanikira ndi tsitsi lakuda. Wa imvi mutu wonse ayembekezere mutu wonse wofiira, ndipo ayambe waganiza ngati angapite nawo kuntchito kapena kutchalitchi ali womasuka.

Ofuna tsitsi lakuda ndi masamba okhaokha njira ilipo, koma ndi yaitali. Pamafunika ufa wachiwiri wa chomera china chotchedwa indigo, umene umapereka mtundu wabuluu. Mumayamba ndi hena, mumatsuka, kenaka tsiku lomwelo kapena mawa lake mumapaka indigo n'kukhala naye ola limodzi kapena awiri. Buluu akakhala pamwamba pa kufiira, diso limaona chakuda. Indigo payekha pa imvi amatulutsa mtundu wobiriwira wosasangalatsa, n'chifukwa chake hena amayenera kutsogola. Mosiyana ndi hena, indigo safuna mandimu pomukanda ndipo sachedwa kutha mphamvu: mukamusakaniza ndi madzi ofunda, mupakeni pasanathe mphindi 20. Ntchito yonseyi imadya tsiku lathunthu.

Apa ndi pamene malonda amalowerera. Pa mashelefu a m'mashopu a zodzola ndi pa mabenchi a mumsika mupeza timapaketi tolembedwa kuti ndi hena wakuda, tili ndi chithunzi cha masamba obiriwira ndi mayi wa tsitsi lonyezimira, tikulonjeza kuti m'mphindi 20 kapena 30 imvi zonse zatha. Palibe tsamba limene lingachite zimenezo. Chimene chimadetsa tsitsi msangamsanga choncho ndi mankhwala otchedwa para-phenylenediamine, mwachidule PPD, omwe aja amene ali mu dayi wakuda wa m'bokosi amene mumathawa. Kusiyana kwake n'kwakuti m'mayiko a European Union lamulo silimalola PPD kupitirira 2 peresenti mu dayi amene wasakanizidwa kuti apakidwe, pamene timapaketi tambiri ta hena wakuda sitinena n'komwe kuti muli PPD wochuluka bwanji, ndipo tina sititchula kuti alimo.

PPD ndi mmodzi mwa mankhwala odziwika kwambiri pa nkhani yowenga khungu. Choopsa chake n'chakuti ulendo woyamba, ngakhale wachisanu, ukhoza kudutsa bwinobwino. Thupi limakhala likumuphunzira mwakachetechete. Tsiku lina mwapaka monga mwa nthawi zonse, ndipo mawa lake kapena mkuja m'mutu mwayamba kuyabwa, kuseri kwa makutu ndi m'khosi mwatuluka matuza otsika madzi, zikope zatupa mpaka maso kutsekeka. Thupi likafika pamenepa silimaiwalanso moyo wonse. Munthuyo sangapakenso dayi wakuda wamba, ndipo ena amayamba kuwengedwa ndi utoto wa zovala zina zakuda. Atsikana amene amajambulitsa maluwa akuda m'manja pa ukwati, ndi utoto umene ku Zanzibar ndi m'mbali mwa nyanja ku Tanzania amautcha piko, ali pa chiopsezo chomwecho, mwinanso chachikulu, chifukwa mankhwalawo amakhala pakhungu nthawi yaitali. Ku Sudan madokotala akhala akulandira anthu amene PPD wawatupitsa kukhosi ndi kuwaononga impso, makamaka akamumeza. Ngati muli ndi paketi yotere m'nyumba, isakhale pamene mwana angafikire. Ndipo wina akapaka chilichonse m'mutu n'kuyamba kutupa milomo kapena nkhope, kapena kubanika, atsuke msanga ndi madzi ambiri n'kuthamangira kuchipatala, atanyamula paketiyo kuti adokotala aione.

Ndiye mudziwa bwanji kuti mwagula weniweni? Tembenuzani paketi muwerenge kumbuyo. Payenera kulembedwa chinthu chimodzi chokha, Lawsonia inermis. Ngati palibe mndandanda wa zimene zili m'katimo, isiyeni. Ufa ukhale wobiriwira kapena wobiriwira moderako, osati wakuda kapena wotuwa. M'bokosi musakhale kabotolo kamadzi oti musakanize, chifukwa kabotolo kameneko ndi peroxide. Ndipo mukaukanda, n'kuusiya kuti utoto utuluke, kenaka n'kudontheza pang'ono pachikhatho, pakatha mphindi zochepa pasiyike banga la olenji. Banga lakuda likutanthauza kuti muli zina.

Pali gulu linanso la mahena osakaniza limene ife okonza tsitsi timaliopa kwambiri: amene anathiramo michere ya zitsulo monga mtovu ndi kopa kuti mtundu usinthe. Zitsulozi zimatsalira m'tsitsi. Miyezi ikapita, munthu abwera kuti timupake dayi kapena timuwalitse tsitsi, peroxide akumana ndi zitsulo zija, tsitsi litentha, lisanduka lobiriwira, nthawi zina liduka m'manja mwathu. Chonde, mukakhala pampando wa saluni, muuzeni wokukonzaniyo chilichonse chimene munapakapo m'chaka chapitachi, ngakhale mukuchiona ngati chachabe. Sitifunsa kuti tikudzudzuleni.

Amene mumawongola tsitsi ndi relaxer, hena weniweni mutha kumugwiritsa ntchito, koma musaphatikize ziwirizi sabata imodzi. Relaxer amasiya tsitsi lofooka ndi khungu la m'mutu lanthete, mwinanso ndi tizilonda. Dikirani milungu iwiri kapena kuposerapo. Tsitsi lowongola limamwanso utoto kwambiri kuposa lachibadwa, ndiye kunsonga kukhoza kufiira kuposa kutsinde.

Musanakande mbale yonse, yesani kawiri. Sonkhanitsani tsitsi lotsalira m'chipeso, makamaka lokhala ndi imvi, mulinyike mu hena pang'ono kwa maola atatu, mutsuke, mulisiye masiku awiri kuti muone mtundu weniweni umene mudzakhale nawo. Nthawi yomweyo pakani kadontho kuseri kwa khutu kapena m'kati mwa chigongono, n'kudikira maola 48. Kuwengedwa ndi hena weniweni sikuchitikachitika, koma kuyesaku kumakuthandizaninso kugwira paketi yabodza isanafike m'mutu monse.

Kakonzedwe kake n'kosavuta. Tsitsi lalifupi limakwana ndi magalamu 100, lofika m'mapewa 200 kapena kuposa, ndipo tsitsi lathu lachibadwa likakhala lothithikana limadya ufa wambiri kuposa mmene mungaganizire. Yambani mwausefa ndi sefa yaing'ono maso, kapena ndi kansalu kopyapyala. Ambiri amadumpha pamenepa, kenaka amakhala sabata yonse akutola timitengo m'tsitsi lopotana. Kandani ndi madzi ofunda kapena tiyi wozizira wopanda shuga, muthiremo madzi a ndimu imodzi. Kuwawasa pang'ono kumathandiza utoto kutuluka bwino, koma mandimu okhaokha amaumitsa tsitsi ndi kuyabwitsa khungu. Madzi owira musathire. Phalalo likhale lolimbirako, loti likhoza kukhala pa supuni osayenderera. Vundikirani ndi pulasitiki, musiye usiku wonse ngati ndi nyengo yozizira ya June ndi July. M'chilimwe cha October, makamaka kumadera otentha ngati ku Nsanje kapena m'mbali mwa nyanja, maola ochepa akwana, ndipo mukalisiya nthawi yaitali pamalo otentha utoto umafooka. Kadontho kapachikhatho kaja ndi kamene kakuuzeni kuti lapsa.

Tsukani tsitsi ndi shampu, osadzola mafuta, chifukwa mafuta amatchinga utoto. Pakani Vaseline pamphumi, m'makutu ndi kumbuyo kwa khosi, valani magolovesi, fundani chitenje chakale chimene simudandaula nacho. Zikhadabo zikagwidwa ndi hena zimakhala zofiira mpaka zitakula n'kudulidwa. Gawani tsitsi m'zigawo, muzipaka mowolowa manja kuyambira kutsinde, kufikira tsitsi lililonse litakutidwa. Kenaka valani jumbo kumutu, mumange mpango pamwamba, mukhale maola awiri mpaka anayi. Phalalo likauma limaleka kugwira ntchito, n'chifukwa chake jumbo ndi wofunika.

Kutsuka ndiye gawo lotopetsa. Musalimbane nalo ndi chipeso. Nyikani mutu m'beseni la madzi kuti phala lifewe lokha, tayani madziwo, bwerezani, kenaka pakani kondishona wambiri kuti zotsalira zitereremo. Konzekeranitu ndowa zingapo za madzi. Amene muli ndi madiredi ndimakulangizani kuti musapake phala la ufa, chifukwa limalowa m'kati mwa diredi ndipo silitulukamo lonse.

Mukamaliza, tsitsi limamveka lolimba ndi lokhakhala. Ena amachita mantha poganiza kuti laonongeka. Silinaonongeke, koma tsitsi lathu lopotana ndi louma kale mwachibadwa, chifukwa mafuta a m'khungu amavutika kutsetsereka mpaka kunsonga, ndipo hena amaonjezera kuumako kwa masiku angapo. Tsiku lomwelo lipatseni kondishona wokhalitsa kwa theka la ola, kenaka mafuta pang'ono, kaya a nsatsi kaya a kokonati. Pakatha sabata ambiri amaona kuti lanenepako ndipo likunyezimira, chifukwa utoto uja wakuta tsitsi lililonse. Koma zoti hena amameretsa tsitsi pa dazi kapena m'mbali mmene linazuka chifukwa choluka mokoka, musazikhulupirire. Tsitsi limamera kuchokera pansi pa khungu, kumene phalalo silifika.

Chenjezo limodzi ndimalinena kwa mayi aliyense, chifukwa likutikhudza ife kuno kuposa anthu a kumayiko ozizira. Pali chibadwa cha magazi chotchedwa kuperewera kwa G6PD, chimene chimapezeka kwambiri m'madera a malungo monga kuno ku Africa, makamaka mwa ana aamuna, ndipo ambiri amene ali nacho sadziwa. Mwa anthu oterewa lawsone akhoza kuswa maselo ofiira a magazi. Madokotala analembapo za makanda amene anadwala kwambiri, kuchita chikasu ndi kutha magazi, atapakidwa hena pathupi. Apa sitikunena za paketi yabodza ayi, tikunena hena weniweni wa masamba. Khanda ndi mwana wamng'ono musamupake hena, kaya m'mutu, kaya m'manja, kaya pa chikondwerero chotani. Wamkulu amene anauzidwapo kuchipatala kuti ali ndi vutoli, kapena amene anakodzapo mkodzo wakuda atamwa mankhwala ena, ayambe wafunsa adokotala.

Dziwaninso kuti hena ndi wokhalitsa. Dayi wa m'bokosi amasuluka, ndipo ku saluni tili ndi njira zomuchotsera, koma kufiira kwa hena kumachoka ndi lumo kapena sizasi basi. Tsitsi limene lapakidwa indigo likawalitsidwa ndi peroxide limasanduka lobiriwira. Ngati ndinu munthu wokonda kusintha mtundu wa tsitsi chaka chilichonse, hena si wanu. Ngati mwasankha kukhala naye, kumbukirani kuti tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, choncho pakatha milungu inayi kapena isanu ndi umodzi imvi zidzayambanso kuonekera kutsinde. Pamenepo pakani kutsinde kokhako. Mukamabwereza mutu wonse ulendo uliwonse, utoto umasanjikizana, kunsonga kumanka kuderaderabe, ndipo mtundu umasiyana ndi wa tsitsi latsopano. Phala lotsala musataye: liikeni m'kapulasitiki mufiriza, lidzagwira ntchito mwezi wamawa. Indigo yekha ndiye sasungika akakandidwa.